Mphindi Ziwiri Zokha

Cha m'ma 3 koloko usiku, nyumba yosamalirako okalamba imakhala zii. Ovutika tulo amakhala atagonja, mabelu aleka kulira, ndipo ife a ntchito ya usiku timapeza kampata kokhala pansi. Ndidagwira ntchito imeneyi ku Texas kwa zaka zitatu. Mnzanga wa usiku adali mayi wina wochokera ku Chihuahua, kumpoto kwa Mexico, wamsinkhu wa amayi anga. Ankabwera ndi ma tortilla okulunga m'kansalu, n'kuwatenthetsa pachiwaya m'kakhitchini ka antchito, akumawatembenuza ndi zala ngati moto ndi mbale wawo. Ine ankanditcha mija, kutanthauza kuti mwana wanga wamkazi.

Usiku wina adandipeza ndikulira, foni ili m'manja. Padali patatha miyezi iwiri chimwalirireni mng'ono wanga kumudzi. Adapita pobereka, atataya magazi ambiri. Ndidamulonjeza kuti ndimutumizira ndalama Lachiwiri kuti akakhale kuchidikiro kuchipatala chachikulu. Ndidatumiza Lachisanu. Matenda adamuyamba Lachinayi usiku. Masiku atatu amenewo ndinkagona nawo, kudzuka nawo, kusambitsa nawo okalamba. Ndikadatumiza Lachiwiri. Ndikadabwereka kwa mnzanga. Ndikadadziwa.

Mayi aja adandimvetsera mpaka ndidatha mawu. Kenako adandipatsira tortilla wotentha m'dzanja n'kunena m'Chisipanishi kuti, "El hubiera no existe, mija." Adandimasulira pang'onopang'ono. Hubiera ndi mawu amene kwawo amayambira ziganizo zonse za "ndikadatere", ndipo anthu a ku Mexico amakonda kunena kuti mawu amenewa alibe kwawo, kulibeko. Ndidawauza kuti nafenso timati madzi akatayika saoleka. Adagwedeza mutu kuvomereza, koma atakhala chete pang'ono adawonjeza kuti amene amabwereza mwambi umenewu kawirikawiri ndi amene hubiera akuwasowetsa tulo. Iwonso adali ndi wawo, ndipo sadandiuze kuti ndi wotani. M'malo mwake adandifotokozera za mtsikana wina wa ku Ciudad Juárez, mzinda wa m'chigawo chawo, amene adachedwa kuntchito ndi mphindi ziwiri.

Ndibwereranso kwa mtsikana ameneyu. Choyamba ndinene zimene ndidakapeza nditayamba kuwerenga, pofuna kumvetsa chifukwa chimene mutu wanga unkakanirira pa masiku atatu aja.

Akatswiri a za maganizo a munthu akhala akufufuza khalidwe limeneli kwa zaka zoposa 40. Mu 1982, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky adapatsa anthu kankhani kongopeka. Amuna awiri akwera galimoto imodzi kupita kubwalo la ndege. Ndege zawo n'zosiyana koma zonyamuka nthawi imodzi. Achedwa panjira, afika patapita mphindi 30. Woyamba auzidwa kuti ndege yake idanyamuka pa nthawi yake. Wachiwiri auzidwa kuti yake idachedwa, yangonyamuka kumene mphindi zisanu zapitazo. Wowawidwa mtima kwambiri ndani? Anthu 96 mwa 100 alionse adati wachiwiriyo. Onse awiri atsala, onse awiri agona pabenchi imodzi, koma wachiwiri akuliona ndi maso dziko limene iye wakwera ndege. Lili pafupi, mphindi zisanu zokha, ndipo kuyandikira kwakeko ndiko kumapweteka.

Mu 1995, Victoria Medvec, Scott Madey ndi Thomas Gilovich adaonetsa anthu zithunzi za kanema za opambana pa masewera a Olympic a 1992 ku Barcelona. Adapeza kuti olandira mendulo ya nambala 3 ankaoneka osangalala kuposa a nambala 2. Wachiwiri amayang'ana golide amene wamuphonya pang'onong'ono. Wachitatu amayang'ana khamu la anzake amene abwerera kwawo chimanjamanja. Akatswiriwa amati maganizo oterewa amayenda njira ziwiri. Ina imayang'ana kumwamba, imati zikadakhala bwino kuposa apa, ndipo imawawa koma imaphunzitsa. Ina imayang'ana pansi, imati zikadaipa kuposa apa, ndipo imatonthoza. Pamaliro a mng'ono wanga anthu adayenda kwambiri njira yachiwiriyi: "Bola mwanayu wapulumuka." Ankanena zoona, ndipo ankanena mwachikondi.

Koma kafukufuku amene adandikhaza pansi ndi wa Christopher Davis ndi anzake, wa chaka chomwecho cha 1995. Iwo sadagwiritse nkhani zopeka. Adacheza ndi anthu amene adataya mwana, mkazi kapena mwamuna pa ngozi ya galimoto zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, ndiponso makolo a makanda omwalira mwadzidzidzi ali m'tulo. Ambiri adali akumasulabe tsikulo m'mutu ngati womasula mfundo ya chingwe, ndipo amene ankatero kawirikawiri ndiwo adali ovutika mtima koposa. Chodabwitsa n'chakuti pomasulapo sankathamangira kwa woyendetsa galimoto inayo. Ankasintha zochita zawo, kapena za womwalirayo. Ndikadamuletsa kupita. Ndikadadzuka kukamuona.

Chifukwa chake Kahneman ndi Dale Miller adachifotokoza mu 1986. Mutu ukafuna kukonza zimene zachitika, sugwira chilichonse. Umagwira chimene chikuoneka chachilendo, chosakhala m'malo mwake, chosavuta kusuntha. Zimene tidazizolowera umazisiya ngati mapiri, osaganiza n'komwe kuti zingasunthe. Nditawerenga zimenezi ndidadzifunsa kuti mapiri a m'nkhani ya mng'ono wanga ndi ati. Chipatala chaching'ono chimene adafikirako chidalibe magazi. Ambulansi idaitanidwa koma sidabwere. Msewu udali matope okhaokha. Miyezi iwiri yathunthu ndidalira, koma sindidanenepo ngakhale kamodzi kuti "magazi akadakhalapo". Zimenezo zidali za masiku onse. Chachilendo chidali Lachisanu langa.

Tsopano mtsikana uja. Dzina lake ndi Claudia Ivette González, ndipo lidalembedwa m'chigamulo cha khoti. Adali ndi zaka 20, akugwira ntchito mu imodzi mwa mafakitale a m'malire amene kumeneko amawatcha maquiladora. Pa 10 Okutobala 2001 adafika pachipata atachedwa ndi mphindi ziwiri, ndipo adamubweza. Sadafike kunyumba. Kumayambiriro kwa Novembala, matupi a akazi 8 adapezeka m'munda wa thonje mumzinda momwemo. Limodzi lidali lake. Ena awiri adali Esmeralda Herrera Monreal wa zaka 15 ndi Laura Berenice Ramos Monárrez wa zaka 17.

Mphindi ziwiri. Ndani angamve zimenezi osayamba kuwerengera? Akadafulumira pang'ono. Basi ikadabwera msanga. Mayi wake akadamudzutsa. Mutu umathamangira pamenepo chifukwa mpomwe pali pofewa. Nawo akuluakulu a boma adathandizira kuloza chala mbali yomweyo. Makolo atapita kukanena kuti ana awo asowa, ankauzidwa kuti atsikanawo ali kwa zibwenzi zawo, abwera okha. Kuyambira 1993 akazi mazanamazana adaphedwa mumzindawo, ndipo funso lofulumira kufunsidwa linkakhala lakuti adavala chiyani, ankatani kunja usiku.

Amayi a atsikana ophedwa mumzindawo adakana kulandira ndikadadziwa wotere. Adapanga magulu, limodzi mwa iwo ndi Nuestras Hijas de Regreso a Casa la mu 2001, dzina lotanthauza kuti ana athu aakazi abwerere kunyumba. Pa mapolo a magetsi padajambulidwa mitanda yakuda pa penti yapinki, ndipo m'munda wa thonje muja adazikamo mitanda yapinki. Mlandu wa atsikana atatuwa udakafika ku khoti loona za ufulu wa anthu la mayiko a ku America, limene lili ku San José m'dziko la Costa Rica. Mu Novembala 2009 khotilo lidagamula kuti boma la Mexico lidalephera udindo wake woteteza atsikanawo ndi kufufuza bwino za imfa zawo. Chiganizo chidatembenuka. Sichidalinso "akadapanda kuchedwa", chidakhala "apolisi akadayamba kufunafuna tsiku lomwelo". Ziganizo zonse ziwiri ndi za zinthu zimene sizidachitike. Koma choyamba chimakwirira mayi pamodzi ndi mwana wake, pamene chachiwiri chimamuimiritsa.

Apa mpamene ndidakumana m'mabuku ndi akazi a Chilatino, a mizu ya ku Latin America, olemba za umulungu. Nancy Pineda-Madrid, m'buku lake la 2011 lonena za kuzunzika ndi chipulumutso ku Ciudad Juárez, adaona mitanda yapinki ija ngati chiphunzitso chenicheni. Akazi amene adauzidwa zaka mazana ambiri kuti asenze mtanda mwakachetechete adautenga mtandawo n'kuuzika poyera, kuti uneneze ochita zoipa. Kwa iye chipulumutso si nkhani ya mzimu wa munthu mmodzi payekha. Chimayamba kuoneka pamene anthu agwirana manja kukana kuti imfa zotere zikhale zozolowereka.

Amene adandigwira mtima koposa ndi Ada María Isasi-Díaz. Adabadwira ku Havana mu 1943, adachoka ku Cuba mu 1960, adalowa usisitere m'chipani cha Ursuline, ndipo adakagwira ntchito zaka zitatu pakati pa anthu osauka ku Lima, m'dziko la Peru. Pambuyo pake adachoka kuusisitere koma sadachoke mu mpingo. Mu 1975 adali nawo pamsonkhano wa ku Detroit wokambirana zoti akazi azidzozedwa unsembe mu mpingo wa Katolika, chinthu chimene iye mwini ankachilakalaka ndipo sadachione mpaka imfa yake mu 2012. Tangoganizani kuchuluka kwa ndikadadziwa amene munthu wotere akadatha kugona nawo: dziko lobadwira limene adalisiya ali mtsikana, guwa limene sadaloledwe kuimapo. Iye adasankha njira ina. Pamodzi ndi sisitere Yolanda Tarango adasonkhanitsa akazi wamba a Chilatino a ku United States, ochokera ku Mexico, Puerto Rico ndi Cuba, n'kumawafunsa za Mulungu wawo, n'kulemba mayankho awo m'mawu awoawo. Buku lawo lidatuluka mu 1988. Maphunziro amenewa adawatcha mujerista, kuchokera ku mawu akuti mujer, mkazi. Ena, monga María Pilar Aquino, sadakonde dzinali ndipo adasunga lakuti feminista, koma onse ankatunga pachitsime chimodzi.

Chitsimecho ankachitcha lo cotidiano, moyo wa tsiku ndi tsiku. Basi imene imachedwa. Ndalama ya lendi. Kusankha pakati pa mankhwala ndi chakudya. Chipata cha fakitale chimene chimatsekedwa osayang'ana kuti mtsikana wobwezedwayo ayenda njira yanji yekha. Isasi-Díaz ankati zimenezi si zinthu zazing'ono zoti ophunzira azidumpha pothamangira mafunso akuluakulu. M'menemo ndi momwe Mulungu amadziwikira, ndipo m'menemonso ndi momwe tchimo limabisala. Nditaika mfundo imeneyi pambali pa ya Kahneman ndi Miller, ndidaona kuti zikulumikizana ngati mpini ndi khasu. Akatswiri a maganizo akuti mutu susuntha zimene udazizolowera. Akaziwa akuti tiyeni tiziyang'anitsitse zozolowerekazo mpaka zisiye kuoneka ngati mapiri. Adaziika ndi anthu, ndipo anthu angazichotse.

Mwambo umenewu ndi wakale kwawo. Sor Juana Inés de la Cruz, sisitere wa ku Mexico amene adamwalira mu 1695, ali mwana adapempha mayi wake kuti amuveke zachimuna akaphunzire ku yunivesite, kumene akazi sankaloledwa. Sizidatheke. M'kalata yake yotchuka ya 1691, poyankha bishopu amene ankamudzudzula chifukwa chokonda maphunziro, sadadandaule kuti adabadwa mkazi. Adalingalira za dziko limene muli akazi achikulire ophunzira oti aziphunzitsa atsikana, ndi zoipa zimene zikadapewedwa m'dziko lotero. Ndikadadziwa wake sadaloze thupi lake. Adaloza khomo lotsekedwa.

Mayi a ku Chihuahua aja adandiphunzitsa mawu ena, aguantar. Ndi kupirira. Adati mtsikana amakula akuuzidwa kuti mkazi wabwino amapirira monga Maria adapirira. Ndidakumbukira uphungu wa anamkungwi athu wakuti banja ndi kupirira, ndipo ndidamva kuti tikulankhula chinenero chimodzi. Sindikunyoza kupirira, popeza kwalera ana ambiri, ine ndemwe mmodzi wa iwo. Koma mkazi wophunzitsidwa kuti zonse za pakhomo zili pamutu pake, zikavuta amadzipeza yekha m'bwalo la milandu. Mwamuna akamumenya amati ndikadakhala chete. Mwana akadwala amati ndikadazindikira msanga. Koma m'kachikwama ka mayi aja mudali kachithunzi ka Maria wa ku Guadalupe, kothetheka m'mbali chifukwa chogwidwagwidwa. Adati kwa iwo Maria ameneyu si wongowerama. Ndi mayi wa khungu ngati lawo amene, monga mwa chikhulupiriro chawo, adaonekera mu 1531 kwa munthu wamba wa mtundu wogonjetsedwa, adamulankhula m'chinenero chake, n'kumutuma kwa bishopu. Chithunzi chimodzi chomwecho ena amachigwiritsa potontholetsa akazi, ena amalimba nacho mtima n'kuyamba kulankhula.

Nditabwerera ku Baibulo ndi maso amenewa, ndidadabwa kuti ndidaiwerenga kangati nkhani ya Lazaro osaona chimene alongo ake adachita. Yesu adafika mochedwa, Lazaro atagona m'manda masiku anayi. Marita adatuluka kukamuchingamira ndipo adamuuza maso ndi maso kuti kuchedwa kwake ndiko kwadzetsa maliro. Mariya atabwera adanena zomwezo. Akazi awiri ofedwa, aliyense ndi ndikadadziwa wake, ndipo palibe adadziloza yekha. Adapita nazo kwa amene adali ndi mphamvu. Iye sadawadzudzule kuti asowa ulemu, sadawauze kuti zapita zapita. Adalira nawo.

Sindikufuna kunama. Ndalama ija ndidachedwetsadi, ndipo palibe buku lingafafanize zimenezo. Neal Roese, amene walemba kwambiri za maganizo amtunduwu, amati ntchito yake ndi kutikonzekeretsa za mawa, ndipo kwa ine adaigwira: lero wa kwathu akakhala woyembekezera, ndalama ya chidikiro imapita mwezi usanakwane. Kuloza kunja sikutanthauza kusamba m'manja. Kumatanthauza kunena chiganizo chonse. Ndikadatumiza Lachiwiri, inde. Komanso magazi akadakhalapo, ambulansi ikadakhala ndi mafuta, moyo wa mkazi wobereka sukadalendewera pa ndalama yochokera kutsidya kwa nyanja. Gawo langa ndilisenza. Koma ndidazindikira kuti ndinkasenzanso magawo a ena, ndipo pamene ndinkawasenzera, eni ake ankayenda mopepukidwa.

Patatha chaka ndidalimba mtima n'kuwaimbira amayi kuti ndiwapepese. Ndidati, "Amayi, mundikhululukire. Ndikadatumiza ndalama ija msanga, bwenzi mwana wanu ali moyo."

Adakhala chete, ndikungomva nkhuku kuseri kwa foni. Kenako adati, "Iwe mwanangu, ukunena chiyani? Wolakwa ndine. Mbuzi idalipo m'khola. Ndikadagulitsa."

Tsiku limenelo ndidamva kuti azakhali nawonso adali ndi wawo, wakuti adaona miyendo yatupa koma sadakakamize. Mlamu wanga wamkazi adali ndi wake. Akazi anayi, chaka chathunthu, aliyense m'nyumba mwake akudziweruza yekha pa mlandu umodzi, osauzana.

Ndidafunsa kuti, "Nanga amayi, ambulansi ija ikadabwera?"

Adayankha msangamsanga, "Ija sibwera, mwanangu. Aliyense amadziwa."

Atangotero adakhalanso chete, nthawi yaitali kuposa poyamba. Ndikhulupirira adadzimva okha. Patapita kanthawi adati, motsitsa mawu, "Koma imayenera kubwera, eti?"

Isasi-Díaz ankakonda mawu akuti la lucha, kulimbana. Kwawo ku Cuba munthu ukamufunsa kuti ali bwanji, kawirikawiri amayankha kuti ali en la lucha, ali pakati pa kulimbana. Iye ankati akazi amene adacheza nawo sankaika mtima wa moyo wawo pa kuzunzika, ankauika pa kulimbanako. Ankalankhulanso za tsogolo limene akaziwo akuliumba ndi manja awo, ndipo m'malo monena za ufumu wa Mulungu ankakonda kunena za banja la Mulungu, mmene onse ndi abale. Ndimaona kuti ameneyu ndi ndikadadziwa yemweyo atatembenuzidwa kuyang'ana kutsogolo. Munthu amene sangathe kulingalira kuti dzulo likadakhala losiyana sangathenso kulingalira kuti mawa lingasinthe. N'chifukwa chake sindivomerezanso kuti hubiera kulibe. Alipo, ndipo ndi wakuthwa ngati mpeni. Nkhani yagona pa mbali imene wagwira.

Amayi sadapite kukhoti lililonse, ndipo ambulansi ija mpaka lero siyodalirika. Koma pamsonkhano wa mudzi adaimirira, iwo amene sankalankhula pagulu la amuna, n'kufunsa kuti akazi angati apite kuti nkhani ya galimoto ya odwala ikambidwe. Azimayi a banki m'khonde adapatula kathumba ka woyembekezera aliyense, ka ulendo wa kuchidikiro. Mbuzi ija adaigulitsa chaka chatha, ndalama yake idagula yunifolomu ya mwana amene mng'ono wanga adatisiyira, yemwe wayamba sukulu.

Usiku wanga womaliza ku nyumba ya okalamba ija ndidawauza mayi a ku Chihuahua zimene amayi anga adafunsa pafoni. Adapukuta manja pa epuloni, adatulutsa kachithunzi kaja, adakayang'ana, n'kukabwezera m'chikwama. Kenako adakoka mpando, adakhala moyang'anizana nane, n'kunena kuti, "Khala pansi, mija. Tsopano ndikuuze wanga."